Chifukwa chimene mathero a Game of Thrones anakwiyitsira anthu

Munthu akayamba kuonera Game of Thrones masiku ano, kaya wakopeka ndi House of the Dragon, sewero latsopano la nkhani ya dziko lomwelo, kaya mnzake wamuikira pa fulashi, sapita patali asanachenjezedwe kuti sizoni yomaliza idzamukhumudwitsa. Chenjezoli lakhala likuyenda kuyambira mu 2019. Koma akafufuza yekha amapeza zinthu zooneka ngati zikutsutsana. Sizoni yomweyo inaonedwa ndi anthu ambiri kuposa sewero lina lililonse limene kampani ya HBO inali itaonetsapo. Inapata mphoto 12 za Emmy, mphoto zapamwamba za mapulogalamu a pa TV ku America, kuphatikizapo ya sewero lopambana pa chaka. Ndi yomweyonso imene anthu oposa miliyoni imodzi anasainira chikalata chopempha kuti ijambulidwenso. Zitatuzi n'zoona, ndipo kuti timvetse mmene zikukhalira pamodzi tiyenera kuona mmene sewero la pa TV limapangidwira, komanso zimene zimachitika mumtima mwa munthu amene wakhala ndi nkhani imodzi kwa zaka 8.

Amene simunaonere, dziwani kuti pano tiulula mathero onse.

Seweroli mwachidule

Game of Thrones ndi sewero la ku America la mtundu umene amautcha fantasy, kutanthauza nkhani yopeka yochitikira m'dziko limene kulibe, mmene matsenga ndi zilombo zodabwitsa zimakhala zenizeni. Dziko lake ndi Westeros. Mabanja achifumu monga a Stark, a Lannister ndi a Targaryen akulimbirana mpando wosulidwa ndi malupanga, pamene kumpoto, kuseri kwa chikhoma cha madzi oundana, khamu la akufa lotsogoleredwa ndi Night King likukonzekera kudzasesa amoyo onse. Kutsidya kwa nyanja, Daenerys Targaryen, mwana wa mfumu imene inalandidwa ufumu, akulera zinjoka zitatu zouluka ndi zolavula moto.

Linayamba pa 17 Epulo 2011 n'kutha pa 19 Meyi 2019, litakwanitsa magawo 73 m'masizoni 8. Sizoni ndi mndandanda wa magawo otuluka motsatizana sabata ndi sabata, kenako n'kupumira. Nkhaniyi inachokera m'mabuku a George R. R. Martin otchedwa A Song of Ice and Fire, ndipo amene ankaiyendetsa pa TV ndi David Benioff ndi D. B. Weiss. Munthu waudindo umenewu amatchedwa showrunner: ndiye amalemba mbali yaikulu ya nkhani, amayang'anira kujambula, ndipo mawu omaliza pa chilichonse amakhala ake. N'chifukwa chake mkwiyo wambiri unagwera awiriwa, pamene ochita seweroli ambiri anapitiriza kukondedwa.

Chimene chinagwira anthu mtima m'zaka zoyambirira ndi lamulo limene nkhaniyi inadziikira, loti chilichonse chimene munthu wachita chidzamutsata. Ned Stark, amene aliyense ankamuyesa ngwazi ya nkhani yonse, anadulidwa mutu m'gawo la 9 la sizoni yoyamba chifukwa cha zisankho zake zomwe. Mwana wake Robb anaphedwa pa phwando la ukwati mu sizoni ya 3 chifukwa anaphwanya pangano loti adzakwatira mwana wa Walder Frey. Imfa zimenezi zinkadzidzimutsa, koma ukabwerera m'mbuyo unkapeza kuti njira yopita kumeneko inalambulidwa poyera, iwe ukuona. Mfundo imeneyi ndi imene ili pansi pa madandaulo ambiri a mu 2019.

Masabata 6 a mu 2019

Sizoni ya 7 inatha mu Ogasiti 2017, ndipo anthu anadikira pafupifupi miyezi 20. Yomaliza itayamba pa 14 Epulo 2019, a DStv kuno ankadzuka 3 koloko m'bandakucha Lolemba kuti aonere pa M-Net nthawi imodzi ndi a ku America, kuopa kuti kukacha apeza anzawo aulula kale pa Facebook ndi Twitter.

Magawo awiri oyamba analandiridwa bwino, makamaka lachiwiri, mmene anthu akucheza usiku woti mawa lake mwina afa. Mavuto anayamba ndi lachitatu, The Long Night, la mphindi 82, limene nkhondo yake anaijambula usiku wokhawokha kwa masiku 55. Ambiri anadandaula kuti sankaona kalikonse chifukwa cha mdima. Mkulu wa makamera m'gawolo, Fabian Wagner, anayankha kuti mdimawo unali wadala, ndipo vuto linali ma TV osatcheredwa bwino ndi kuonera pa foni kapena m'chipinda chowala. Mbali zonse ziwiri zinali ndi mfundo. Kanema akamatumizidwa pa intaneti kapena pa dishi amafinyidwa kuti asadye data yambiri. Pofinyapo makina amataya tizidutswa ta chithunzi timene akuganiza kuti diso silingatione, ndipo amene amavutika kwambiri ndi malo amdima, chifukwa mitundu yakuda yosiyana pang'ono imasanduka zigamba zosaoneka bwino. Chimene Wagner ankaona pa makina a ku situdiyo si chimene chinkafika m'nyumba za anthu. Komabe dandaulo lalikulu linali lina: chiopsezo cha akufa, chimene seweroli linayamba nacho mphindi yake yoyamba mu 2011, chinatha usiku umodzi, Arya Stark, mwana wamkazi wa Ned, atabaya Night King ndi mpeni. Ambiri ankayembekezera kuti ntchito imeneyi ndi ya Jon Snow, amene analeredwa ngati mwana wa Ned ndipo ankatsogolera nkhondo yolimbana ndi akufawo.

M'gawo lachinayi munaoneka kapu ya khofi yamakono itaiwalidwa pa tebulo pamaso pa Daenerys. HBO inaifufuta ndi kompyuta patangopita masiku ochepa, koma chithunzi chake chinali chitazungulira kale dziko lonse. M'gawo lomwelo chinjoka china, Rhaegal, chinalasidwa ndi zombo za mdani wa Daenerys, Euron Greyjoy, zimene palibe anaziona zikubwera. Pofotokoza m'kanema wachidule wotsatira gawolo, Benioff ananena kuti Daenerys anakhala ngati waiwala za zombozo. Mawu amenewa anasanduka chipongwe chimene anthu amachibwerezabe mpaka lero.

Kenako kunabwera The Bells pa 12 Meyi. Mzinda wa King's Landing, likulu la Westeros, utagonja, mabelu akulira kusonyeza kuti asilikali atula zida, Daenerys anakwera chinjoka chake n'kuwotcha mzinda wonse pamodzi ndi amayi ndi ana. Jaime Lannister, amene kwa zaka zambiri ankaoneka kuti akusintha kukhala munthu wabwino, anabwerera kwa mlongo wake Cersei, mfumukazi imene inkalamulira mzindawo, ndipo awiriwa anafera limodzi nyumba itawagwera. M'gawo lomaliza Jon anapha Daenerys, chinjoka chinasungunula mpando uja, akuluakulu anasankha Bran Stark, mwana wa Ned, kukhala mfumu, mlongo wake Sansa anakhala mfumukazi ya kumpoto, ndipo Jon anabwezedwa kuchikhoma kuja.

Mabuku atatha

Kuti timvetse chimene chinasintha, tiyenera kubwerera kwa Martin. Mabuku ake asanu anatuluka mu 1996, 1998, 2000, 2005 ndi 2011. Awiri omaliza, The Winds of Winter ndi A Dream of Spring, sanatulukebe. Seweroli linayenda ndi mabuku mpaka cha mu sizoni ya 5, ndipo kuyambira ya 6 mu 2016 linawapitirira. Poona kuti zimenezi zichitika, Benioff ndi Weiss anakakhala pansi ndi Martin cha mu 2013 kuti awauze kumene nkhani ikupita. Zina zimene anawauza ndi kuwotchedwa kwa mwana wamkazi wa Stannis, mmodzi wa olimbirana mpando, chiyambi cha dzina la Hodor, wantchito amene ankanyamula Bran, ndi amene adzakhale mfumu pamapeto. Isaac Hempstead Wright, amene ankasewera Bran, anatsimikiza kuti ufumu wa Bran unachokera kwa Martin.

Martin amakonda kunena kuti alembi alipo a mitundu iwiri. Wina ali ngati katswiri wojambula mapulani a nyumba, amene amadziwa chiwerengero cha zipinda njerwa yoyamba isanaikidwe. Wina ali ngati wosamalira munda, amene amabzala mbewu n'kuthirira, akudziwa mtundu wa mtengo koma osadziwa kuti udzakhala ndi nthambi zingati. Iye amadziika m'gulu lachiwirili. Ubwino wa kalembedwe kameneka ndi woti anthu a m'nkhani amaoneka amoyo, popeza wolemba amadzifunsa kuti munthu ngati uyu, atakhala pamenepa, angachite chiyani, kenako n'kutsatira yankho kulikonse kumene lamutengera. Kuipa kwake ndi koti nkhani imangotambalala, ndipo kuitseka kumavuta. Umboni wake ndi Martin mwiniwake, amene zaka zoposa 10 zamudutsa ali pa buku limodzi.

Benioff ndi Weiss anali ndi vuto losiyana. Anali ndi malo okafikako ndi maola owerengeka, choncho ankalemba chobwerera m'mbuyo: Daenerys ayenera kuwotcha mzinda, Bran ayenera kukhala mfumu, ndiye tichite chiyani kuti afike kumeneko m'magawo atsalawa? Wolemba akamagwira ntchito motero, anthu a m'nkhani amayamba kuchita zimene nkhani ikufuna, ngakhale zisakugwirizana ndi khalidwe limene oonera akuwadziwa nalo. Tyrion Lannister, mlangizi wa Daenerys amene ankadziwika ndi nzeru, anayamba kulangiza molakwika mobwerezabwereza. Mitunda nayo inafupika. Mu sizoni yoyamba, ulendo wa mfumu kuchokera ku King's Landing kupita ku Winterfell, kwawo kwa a Stark kumpoto, unatenga mwezi wathunthu, ndipo zambiri zimene zinamanga nkhani zinkachitikira m'njira. Pofika sizoni ya 7, munthu anathamanga kubwerera kuchikhoma, khwangwala ananyamula uthenga mpaka kummwera, Daenerys anauluka kudzapulumutsa anzake, zonsezi anzakewo atangokhala pa thanthwe pakati pa nyanja youma ndi chisanu kwa nthawi yooneka ngati usiku umodzi kapena uwiri.

Chiwerengero cha magawo chikufotokoza zambiri. Masizoni 6 oyamba anali ndi magawo 10 iliyonse, ya 7 inali ndi 7, yomaliza 6. HBO inali yokonzeka kupereka magawo ena, ndipo Martin ananena poyera kuti nkhani inalipo yokwanira masizoni oposa 10. Amene anasankha kufupikitsa ndi Benioff ndi Weiss, omwe kuyambira kale ankanena kuti nkhani yonse ndi ya maola pafupifupi 70. Kumbali yawo, ntchito inali itakula mopitirira muyezo. Kujambula sizoni yomaliza kunatenga kuyambira Okutobala 2017 mpaka Julayi 2018, ndipo malipoti ankati gawo lililonse linadya madola pafupifupi 15 miliyoni. Pali mphekesera imene inafala kwambiri yoti anathamangitsa seweroli chifukwa anali atapatsidwa ntchito yopanga mafilimu a Star Wars. Madeti sakuivomereza bwino: ntchito imeneyo inalengezedwa mu Febuluwale 2018, pamene zoti kwatsala magawo 13 okha anali atazinena kale mu 2016.

Katswiri wa za chikhalidwe cha anthu Zeynep Tufekci, polemba m'magazini ya Scientific American mu Meyi 2019, anapereka chifukwa china chimene ndikuona kuti n'chofunika kuchimva. Iye anati masizoni oyamba ankafotokoza mmene maudindo, miyambo, ngongole ndi mapangano a mabanja zimakankhira munthu kuchita zimene akuchita, moti ngakhale woipa unkamumvetsa chifukwa unkaona chomwe chamupanikiza. Masizoni omaliza anabwerera ku kafotokozedwe kozolowereka ku Hollywood, kamene kamafuna chifukwa cha zonse mumtima mwa munthu mmodzi: uyu ndi wamisala, uyu wagwa m'chikondi, uyu ndi ngwazi. Oonera ambiri anamva kusinthaku ngakhale sakanatha kukutchula dzina.

Nkhani ya Daenerys

Apa ndi pamene mkangano unafika pachimake, ndipo mpaka lero anthu awiri okonda seweroli mofanana akhoza kutsutsana usiku wonse.

Amene amaikira kumbuyo matherowa amawerenga umboni. Mu sizoni yoyamba Daenerys anawotcha wamoyo mayi amene anamulodzera mwamuna. Mumzinda wa Meereen anapachika eni akapolo 163 osafufuza kuti wolakwa ndani. Anawotcha atsogoleri a mtundu wa a Dothraki m'kachisi. Mu sizoni ya 7 anapsereza Randyll Tarly ndi mwana wake Dickon chifukwa chokana kumugwadira, alangizi ake akumuletsa. Kangapo konse analonjeza kuti adzatenga chake ndi moto ndi magazi. Kwa anthu amenewa, seweroli linatchera oonera msampha mwadala: tinkaombera m'manja nkhanza zake chifukwa amene ankafa anali anthu oipa, ndipo tsiku limene moto unagwera osalakwa ndi pamene tinaona chimene tinkachemerera. Amati limeneli ndi phunziro lalikulu la nkhani yonse, la kuopsa kwa mtsogoleri amene amakhulupirira kuti iye yekha ndiye mpulumutsi.

Otsutsa nawo ali ndi umboni wawo. Onse amene Daenerys anawapha m'mbuyomo anali adani kapena opondereza ena. Chinjoka chake chitapha mwana mmodzi wa mbusa mu sizoni ya 4, iye anatsekera zinjoka ziwiri m'ndende yapansi akulira. Anaimitsa nkhondo yake yofuna mpando n'kupita kumpoto kukapulumutsa anthu amene sankamufuna n'komwe. Ndiye zinatheka bwanji kuti munthu ameneyu, patangopita magawo awiri, awotche makwalala odzaza ana, nkhondo atapambana kale?

Pali mawu awiri a alembi amene amathandiza pano. Loyamba ndi foreshadowing, kutanthauza kuponya zizindikiro m'nkhani zosonyeza zimene zidzachitike kutsogolo. Lachiwiri ndi character arc, ulendo umene mtima wa munthu wa m'nkhani umayenda pang'onopang'ono kuchoka pa khalidwe lina kufika pa lina. Ziwirizi n'zosiyana. Zizindikiro zimakuuza kuti chinthu chikhoza kuchitika, pamene ulendo umakuonetsa sitepe iliyonse mpaka uvomereze kuti sizikanatheka mwina. Oikira kumbuyo akamalankhula amaloza zizindikiro, ndipo zilipodi zambiri. Otsutsa amafunsa za ulendo. Olemba anayesa kuumanga: m'magawo atatu Daenerys anataya mtetezi wake Jorah, chinjoka chake Rhaegal ndi mnzake wapamtima Missandei, mlangizi wake Varys anamupereka, Jon anamutalikira ndipo zinadziwika kuti Jon ndiye woyenera mpando kuposa iye. Zifukwa zinalipo. Funso ndi loti kaya zifukwa zochuluka chonchi, zounjikidwa m'maola atatu, zingagwire ntchito imene zikanagwira zikanayalidwa mu sizoni yathunthu. Mukamvetsera bwino, ambiri mwa okwiyawo sakana kuti Daenerys akanatha kufika kumeneko. Chimene amakana ndi liwiro.

Panalinso madandaulo a mtundu wina. Missandei, mkazi wakuda yekhayo pakati pa anthu akuluakulu a m'seweroli, amene anamasulidwa ku ukapolo, anafa atamangidwa maunyolo kuti imfa yake ikwiyitse Daenerys. Ena anaonanso kuti akazi awiri amphamvu kwambiri, Cersei ndi Daenerys, onse anathera kukhala chiopsezo choyenera kuchotsedwa. Oyankha amakumbutsa kuti Sansa anavekedwa ufumu, Arya ndiye anapulumutsa dziko, ndipo msilikali wamkazi Brienne anakhala mkulu wa alonda a mfumu.

Chifukwa chake zimawawa chonchi

Munthu amene sanaonerepo amadabwa kuti anthu akuluakulu angakwiye bwanji ndi nkhani yopeka. Akatswiri a maganizo anayamba kufufuza zimenezi kalekale. Mu 1956, Donald Horton ndi Richard Wohl analemba za ubale umene anautcha parasocial, ubale wa mbali imodzi umene woonera amaumanga ndi munthu wa pa wailesi kapena pa TV. Woonera amamudziwa munthuyo, amamudera nkhawa, amasangalala naye, ngakhale winayo sakudziwa kuti iye alipo. Kwa woonerayo, ubale umenewu umatha kumveka ngati wa munthu amene umakumana naye sabata iliyonse. Ku America makolo mazanamazana anatcha ana awo aakazi dzina loti Khaleesi, udindo wa Daenerys, sizoni yomaliza isanatuluke. Kwa anthu otere, The Bells inali ngati kumva kuti munthu amene wamukhulupirira zaka 8 wachita chinthu choopsa.

Chachiwiri ndi mmene timakumbukirira zinthu. Daniel Kahneman, amene anapata mphoto ya Nobel mu 2002, ndi anzake anachita kafukufuku mu 1993. Anthu anaviika dzanja m'madzi ozizira kwambiri kwa masekondi 60. Ulendo wina anaviika kwa masekondi 60 omwewo, kenako n'kuwonjezera 30 madziwo akutenthetsedwa pang'ono chabe. Atafunsidwa kuti abwereze uti, ambiri anasankha wautaliwo, ngakhale unali ndi ululu wochuluka, chifukwa unatha bwinoko. Tikamaweruza chinthu chimene tadutsamo, sitiwerengera mphindi zonse mofanana. Timatsamira pa nthawi imene zinafika pachimake ndi pa mapeto. N'chifukwa chake magawo 6 anakwanitsa kusintha mmene anthu amakumbukirira magawo 67, mpaka ena kunena kuti sangabwerezenso kuonera ngakhale masizoni amene ankawakonda.

Chachitatu ndi kudikira kuja. Owerenga mabuku anayamba kukambirana zoti makolo enieni a Jon Snow ndi Rhaegar Targaryen, mlongo wa Daenerys, ndi Lyanna Stark, mlongo wa Ned, kuyambira zaka za m'ma 1990. Seweroli litatsimikiza zimenezi, anthu anayembekezera kuti chinsinsi chachikulu chonchi chidzagwedeza Westeros yense, koma ntchito yake yaikulu inangokhala kuwonjezera mantha a Daenerys. M'miyezi 20 ija anthu miyandamiyanda anamanga mathero awo m'mutu, ena okonzedwa mwaluso ndithu. Oikira kumbuyo seweroli amati palibe mathero amene akanaposa zimene aliyense anadzilembera yekha. Otsutsa amayankha kuti imfa ya Ned nayo sinali imene anthu ankafuna, koma anailandira.

Kuwerenga manambala

Nambala iliyonse imene imatchulidwa pa mkanganowu imayeza chinthu chake, ndipo chisokonezo chimabwera tikaziphatikiza.

Gawo lomaliza linaonedwa ndi anthu 19.3 miliyoni ku America usiku woyamba, ndipo HBO inati powerengera oonera pambuyo pake gawo lililonse la sizoniyi linafikira anthu oposa 44 miliyoni. Nambala imeneyi ikuonetsa kuchuluka kwa amene ankafuna kudziwa mathero. Sikunena ngati anakhutira, chifukwa munthu amaonera asanadziwe.

Chikalata cha pa Change.org, chopempha kuti sizoniyi ilembedwenso ndi alembi ena, chinadutsa miliyoni imodzi m'masiku ochepa ndipo m'kupita kwa nthawi chinafika pa 1.8 miliyoni. Ndi anthu ambiri zedi, koma anali ochokera dziko lonse lapansi, ndipo amene amasaina ndi okhawo amene zawakhudza kwambiri. Wokhutira kapena wongoti zili bwinobwino sasaina kalikonse. Chimodzimodzi pa IMDb, tsamba limene aliyense amatha kupereka mamakisi: gawo lomaliza lili pa mamakisi pafupifupi 4 pa 10, pamene magawo ena akale ali pamwamba pa 9.5. Pa masamba otere pamachitika zimene amazitcha review bombing, pamene gulu la okwiya limakhamukira kukapereka mamakisi otsikitsitsa kuti uthenga umveke. Komatu sitingati mkwiyo wonse unali phokoso la pa intaneti, chifukwa akatswiri ounika makanema nawo anatsika. Pa Rotten Tomatoes, tsamba limene limasonkhanitsa ndemanga zawo, masizoni 7 oyamba anapeza 90 pa 100 kapena kuposa, pamene yomaliza inapeza 55.

Nanga mphoto za Emmy? Sizoniyi inasankhidwa kupikisana nawo maulendo 32, zimene sizinachitikepo kwa sewero lamtunduwu m'chaka chimodzi. Amene amavota ndi anthu ogwira ntchito za TV. Mwa mphoto 12 zimene inapata, 10 zinali za luso monga nyimbo za Ramin Djawadi, zovala, kamvekedwe ka mawu ndi zithunzi za pa kompyuta, zinthu zimene ngakhale okwiya ankaziyamikira. Ziwiri zotsalazo ndi ya Peter Dinklage, amene ankasewera Tyrion, ndi ya sewero lopambana. Mphoto ya kalembedwe, pamene panali dandaulo lenileni, inapita kwa sewero lina la Succession.

Kodi nkhani ndi ya ndani?

Sophie Turner, amene ankasewera Sansa, ananena kuti chikalata chija chinali chosalemekeza anthu amene anagwira ntchito molimbika kwa zaka 10. Amene anali mkulu wa mapulogalamu ku HBO nthawiyo, Casey Bloys, anati kujambulanso sikunaganiziridwepo mozama. Kunena zoona, ambiri mwa osainawo sankayembekezera kuti kampani iwononganso madola mamiliyoni 90. Ankafuna njira yoti dandaulo lawo liwerengedwe.

Kulimbana kwa wolemba ndi omutsatira si kwachilendo. Arthur Conan Doyle anapha Sherlock Holmes mu 1893, koma owerenga sanamupatse mtendere ndipo mu 1903 anamuukitsa. Mu 2012 kampani ya BioWare inawonjezera mathero a gemu ya Mass Effect 3 osewera atadandaula. M'masabata omwewo a mu 2019, opanga filimu ya Sonic the Hedgehog anavomera kusintha maonekedwe a Sonic anthu atawakana, n'kusuntha tsiku lotulutsira mpaka Febuluwale 2020. Oonera Game of Thrones ankaona zonsezi. Kusiyana kwake n'koti Sonic inali isanatuluke, ndipo gemu imatheka kuikonza kudzera pa intaneti, pamene kuno ochita sewero anali atabalalika ndipo mzinda wojambuliramo wa King's Landing umene anaumanga ku Belfast anali ataugumula pojambula.

Ife amene tinakula ndi nthano tikhoza kuumva msanga mkanganowu. Wofotokoza akati padangokhala, omvera amayankha tilitonse, ndipo popanda yankholo nthano siyenda. Ana amene akhala akuyankha usiku wonse amamva kuti nthanoyo ndi yawonso, ndipo agogo akaidula msanga chifukwa cha tulo, amadandaula ndithu. Koma palibe mwana amene amalanda nthano pakamwa pa agogo. Amene amati oonera anadzikweza amaima pa mfundo yachiwiriyi. Amene amati dandaulo linali loyenera amaima pa yoyamba, n'kuwonjezera kuti pano omvera amalipira mwezi ndi mwezi.

Malire amene pafupifupi aliyense amagwirizana nawo ndi a chipongwe. Kutsutsa kalembedwe ndi chinthu china, kutukwana ndi kuopseza anthu n'chinanso, ndipo zonse ziwiri zinachitika. Panachitikanso zabwino. Emilia Clarke, amene ankasewera Daenerys, anali ataulula mu Malichi 2019 kuti anachitidwa maopaleshoni a mu ubongo mu 2011 ndi 2013 seweroli lili mkati. Ena mwa oonera amene anakwiya kwambiri ndi matherowa anasonkha ndalama zoposa madola 100,000 n'kupereka ku bungwe lake la SameYou, lothandiza ovulala ubongo, pofuna kusonyeza kuti mkwiyo wawo sunali pa iye.

Zimene zinatsatira

Benioff ndi Weiss anasainirana mgwirizano ndi Netflix mu Ogasiti 2019, anasiya ntchito ya Star Wars mu Okutobala chaka chomwecho, ndipo mu 2024 anatulutsa 3 Body Problem. Ambiri ankalosera kuti anthu atopa nayo Westeros, koma House of the Dragon itayamba pa 21 Ogasiti 2022, anthu pafupifupi 10 miliyoni ku America anaonera usiku woyamba. Seweroli lili ndi mwayi umene loyamba linalibe, chifukwa nkhondo imene likufotokoza inalembedwa kale mpaka mapeto m'buku la Martin la mu 2018, Fire & Blood. Ngakhale zili choncho, mkangano sunathe. Sizoni yake yachiwiri mu 2024 inali ndi magawo 8 m'malo mwa 10, ndipo nthawi ino oonera anadandaula kuti nkhani ikuchedwa ndipo yathera panjira nkhondo yaikulu isanayambe. Mu Seputembala chaka chomwecho Martin mwiniwake analemba poyera kutsutsa zina zimene opanga seweroli anasintha m'nkhani yake, kenako zolembazo zinachotsedwa patangopita maola ochepa.